Chipewa cha Abambo ndi Filimu ya Mtembo

Chipewacho chinali chaubweya, chobiriwira, chong'ambika pang'ono pakhutu lakumanzere. Abambo ankachivala pansi pa makarapa, chisoti cholimba cha mumgodi chija, kukamazizira. Chinkanunkha thukuta ndi parafini. Amayi atabwerako kumaliro a abambo kwathu ku Ntcheu, anabwera ndi chikwama chimodzi, ndipo chipewacho chinali pansi penipeni. Zovala zina zonse abale anagawana kumudzi monga mwa mwambo. Ichi chokha amayi anabisa. Anachipachika pamsomali pamwamba pa bedi, mu mkhukhu wathu wa malata ku Nkaneng, kumigodi ya ku Joni, ndipo anandiletsa kuchikhudza.

Ine kumaliro sindinapite. Abambo anachoka ali moyo. Chifuwa cha mumgodi chinawadya mpaka anatsala mafupa. Ananena kuti akafere kwawo. Amayi anawakweza minibasi ya anthu akwathu, ija yokoka ngolo ya katundu kumbuyo, ine n'kundisiya ndi amalume. Patapita masabata amayi anabwera okha, atavala zakuda. Anandiuza kuti abambo anafika, anagona m'nyumba ya agogo, namwalira. Ndinakhulupirira. Ndinali mwana wa pulayimale. Kumudziko ndinkangokumva.

Nyengo imeneyo kunazizira. Mphepo inkabwera ndi fumbi loyera la kumilu ya mgodi. Linkalowa m'mipata ya malata, m'maso, m'tiyi. M'mawa madzi a m'chigubu ankaluma zala. Amayi ankakazinga magwinya, mandasi aakulu a ku Joni aja, ndi kuphika mapazi a nkhuku. Ogula anali anthu akwathu. Akuluakulu anawalola kugulitsa ngakhale anali asanasudzulidwe, poti wotidyetsa wina panalibe. Koma malamulo ena anali pomwepo. Mkazi wovala zakuda sapita kokasangalala, sakhala pakati pa amuna, saseka mokweza, mpaka abale a mwamuna adzamumasule. Amayi ankatsatira. Ankayenda nkhope ili pansi. Ine ndinafika poiwala kuti mano awo akutsogolo anali ndi mpata.

Amalume mumgodi anawakana chifukwa cha diso. Ndiye anamanga mkhukhu wautali, kuikamo matabwa pa njerwa, tivi ndi jenereta. Loweruka ndi Lamlungu masana ankaonetsa mafilimu. Pazenera katoni, pakhomo bulangete. Mawu a filimu ankawatsitsa, iwo n'kuima pambali pa tivi kumalankhulira anthu a mufilimu m'Chichewa. Chizungu ankachidziwa pang'ono. Mafilimu ena sanali achizungu n'komwe. Zinalibe kanthu. Mzungu pakamwa pa amalume ankatukwana ngati kondakitala wa ku Balaka. Ndipo anali ndi lamulo lawo: filimu sankaionera asanaionetse. Ankati mawu amatuluka okoma akamaona limodzi nafe. Lamulo limenelo ndilo linatipweteketsa.

Filimu ya nyengo imeneyo anaigula pasiteji ya matekisi ku Rustenburg. Chimbale chake chinalibe chithunzi. Ife tinkangoti filimu ya mtembo. Akuba awiri, wamtali ndi wamfupi, anakathyola sitolo limodzi ndi bwana wawo. Pothawa, bwanayo anawomberedwa. Asanatsirizike anawalumbiritsa kuti akamutule kwa amayi ake, kutali, kuseri kwa mapiri. Anafera pampando wakumbuyo. Njira yonse inali ndi apolisi. Ndiye akubawo anamukhazika tsonga, kumumanga ndi lamba, kumuveka chipewa. Galimoto ikakhota, mtembo unkagwera paphewa la wamfupi. Iye ankaupepesa n'kuuwongola. Pa rodibuloko ina wapolisi anacheza ndi mtembowo nthawi yaitali, kuudandaulira za mkazi wake, kenako n'kunena kuti m'galimoto yonseyo munthu waulemu ndi bambo wachipewayo, chifukwa sadula mnzake mawu. Kaya anaterodi, kaya anapeka amalume, sindikudziwa. Pamapeto mayi wokalamba uja anaumenya mbama mtembowo chifukwa chofika mochedwa, kenako n'kuukumbatira. Wamfupi apolisi anamuphera pakhomo pomwepo. Wamtali anathawa.

Tsiku loyamba kuionetsa linali Lamlungu. Munadzaza. Ine ndinakhala pansi kutsogolo. Munkanunkha utsi wa jenereta, masokosi ndi makoko a malalanje. Amayi anali panja ndi beseni la magwinya. Mphepo inakula, ndiye analowa kuti andipatse juzi. Anaima kumbuyo, pafupi ndi bulangete. Zinali pa rodibuloko ija. Wapolisi akulankhula, mutu wa mtembo ukutsetsereka pang'onopang'ono, wamfupi akuuchirikiza ndi phewa, thukuta lili kamukamu. Amuna ankaseka. Amalume mawu awo anali atayamba kale kuchepa, koma palibe anasamala. Kenako kumbuyo kunamveka chikhakhali cha mkazi.

Ndinachizindikira ndisanacheuke. Amayi anali atagwira nsanamira, beseni lili pansi, duku lakuda litapendekeka, misozi ikutsika. Mpata wa mano uja ndinauonanso. Anthu anasiya kuseka mmodzimmodzi. Iwo sanasiye. Amalume anangoti kukamwa yasa, filimu ikuyenda yopanda mawu. Ndinali ndisanawaonepo atasowa chonena. Amayi atapeza mpweya analoza pativi.

"Chipewacho amuveka molakwika. Amatsitsa mpaka pamphuno."

Anatola beseni lawo n'kutuluka. Juzi anaiwala kundipatsa.

Sabata imeneyo Nkaneng yense wa anthu akwathu anali pa filimu ya mtembo. Pampopi, pasiteji, pamzere wa parafini. Amene anaonera ndi amene sanaonere, aliyense anali ndi chake.

Panali madala wina, mchona wa ku Zambia, amene anakalambira mumgodi. Iye ankati filimuyo ndi yabodza. Anatulutsapo anzake akufa mumgodi ndi manja ake, ndipo wakufa amauma, sagwera uku ndi uku ngati thumba la ufa. Ankamaliza ndi kutukwana m'Chifanakalo, chiyankhulo cha mumgodi. Koma ankafunsanso kuti idzaonetsedwanso liti.

Telala wa ku Mangochi, Msilamu, ankati kuba kwawo n'kwawo ndi Mulungu, iye sikumukhudza. Chimene chinamupweteka n'kuchedwetsa munthu kumanda. Wakufa aikidwe tsiku lomwelo, pomwe wafera, dothi n'limodzi. Anthu a ku Ntcheu atamva zimenezo anatentha. Ankati munthu amagona kwawo, pafupi ndi makolo ake, ngakhale ulendo utalike bwanji. Anakangana mpaka telala anasoka thumba la buluku la munthu chakumbuyo.

Anyamata a ku Tete analibe nazo zonsezo. Kwa iwo wamfupi ndiye anali mwamuna, chifukwa anasunga lumbiro mpaka kufa nalo, wamtali anali galu. Anayamba masewera otsitsa zipewa n'kumagwerana paphewa m'tekisi. Amayi achikulire ankawakalipira.

Aphunzitsi nawo anaionera. Kumudzi anali mphunzitsi weniweni, kuno ankalondera nyumba ku Geelhoutpark, ndipo Loweruka m'mawa ankatiphunzitsa kuwerenga Chichewa. Iwo ankati filimuyo sikunyoza wakufa, ikunyoza wapolisi amene sangasiyanitse munthu waulemu ndi mtembo. Koma ankatinso ana sitinayenera kulowamo. Anandifunsa kuti ndinakonda ndani. Ndinati wamfupi. Anafunsa chifukwa. Ndinati sanatope. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndipitirize kuwerenga.

Okweza mawu kuposa onse anali amayi a kumpingo. Iwo sanaonere. Ankati filimu yoseka maliro ndi ya satana. Kenako ankasiya filimu n'kuyamba amayi. Mkazi wotani woseka mtembo mwamuna wake asanaole? Wina anati mwina ankafuna afe. Wina anati mwina ali kale ndi wina. Ankanena ine ndili pomwepo ndi chigubu changa, ngati mwana alibe makutu.

Lero ndine wamkulu ndipo ndimati onsewo za filimu sankanena. Aliyense pa Nkaneng anali ndi funso lake limene sankalitchula: ndikafera kuno, adzandinyamula ndani? Filimu inangoliika pativi. Ena anaseka, ena anakwiya. Anapeza mkazi wovala zakuda woti amutulire mkwiyowo.

Loweruka madzulo anabwera mkulu wa mpingo. Ndiye ankatsogolera anthu akwathu kumeneko, ndiyenso anapezera abambo malo omangapo mkhukhu wathu. Sanali munthu woipa. Tsiku la ulendo wa ku Ntcheu lija, iye ndi amalume ndiwo ananyamula abambo kuwakweza m'minibasi. Ankalankhula motsitsa, ndipo ankatsokomola chifuwa chomwe chija. Anakhala pa kireti pakhomo pathu, amayi a kumpingo kumbuyo kwake, amalume atatsamira malata.

Ananena mosazungulira. Amayi agwade pamaso pa amayi anzawo, apepese, anene kuti chisoni chinawasokoneza mutu. Amalume aswe chimbale. Zikatero nkhani yatha. Akakana, iye aimba foni kwa abale a abambo, ndipo tichoke mu mkhukhu, tikwere basi, amayi akakhale kumudzi mpaka adzasudzulidwe. Anthu akwathu sangasunge mkazi woseka maliro. Sukulu yanga inali kuno, anzanga kuno, amalume kuno.

Mkuluyo anatsokomola, n'kutsegulira amayi njira. Anati mwina sikunali kuseka, mwina kunali kulira, anthu anamva molakwa, poti mumdima zimafanana. Amayi a kumpingo ena anagwedeza mitu. Onse ankafuna zithere pamenepo. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Mwana iwe, unali momwemo. Amayi ako analira kapena anaseka?"

Ndinadziwa yankho limene ankafuna. Ndinadziwanso kuti likanatisunga. Ndinayang'ana amayi. Nkhope yawo sinali pansi. Ankandiyang'ana m'maso, osaphethira.

"Anaseka," ndinatero. "Inenso ndinaseka."

Mayi wina anatsonya. Amayi anaimirira, n'kukonza duku lawo.

"Mwamva, abambo. Mwana wanga sanama. Ndinaseka, ndipo sindigwada. Mwamuna wanga ndinakamutula kwawo ndi manja angawa. Amene akufuna kundiphunzitsa kulira ayambe wakatula wake."

Mkuluyo anayang'ana amalume. Amalume anati chimbale anagula okha, ndipo mawa masana filimu ya mtembo ikuonetsedwa, wofuna abwere, wosafuna akhale. Alendo ananyamuka. Kireti anaisiya itagwa chammbali.

Ena amati mwana ndikanangonama. Ndawamvapo. Mpaka lero ndimakana. Amayi akanafuna bodza akanalinena okha.

Lamlungulo amayi sanakazinge. Anasamba, anavala zakuda zawo zochapa, n'kuchotsa chipewa pamsomali. Tinayenda pakati pa mikhukhu, anthu akusuzumira. Kwa amalume kunali anthu ochepa: anyamata a ku Tete, madala uja, ndi ena obwera kudzaona ngati amayi abweredi. Amayi anapitirira mpaka thabwa lakutsogolo. Anandikhazika pambali pawo, n'kundiveka chipewa cha abambo. Amalume anawafunsa motsitsa ngati ayambedi. Amayi anati, "Yambani, achimwene. Ndipo musameze mawu ngati tsiku lija."

Amalume tsiku limenelo analankhula ngati sadzalankhulanso. Amayi anaseka pa rodibuloko, anaseka pa mbama ija. Wamfupi ataphedwa anakhala duu. Madala uja anatulukamo akunena kuti bodza ndi bodza ndithu, koma wamfupiyo akanakhala wa gulu lake mumgodi akanamukonda.

Lolemba palibe anagula magwinya. Anabwerera onse, ozizira, mafuta atagwirana. Tinadya omwewo mpaka kukhosi kunakana. Pampopi amayi akafika, zidebe zina zinkasunthidwa. Kusukulu ana akwathu anayamba kunditchula mwana wa mtembo. Ndinamenyana nawo kuseri kwa zimbudzi. Ndinachoka dzino, mmodzi anatupa diso. Sindidandaula. Amayi ataona dzinolo sanandikalipire. Anandipatsa madzi amchere.

Kenako anasenza beseni kupita nalo ku Wonderkop, pasiteji ya matekisi. Kumeneko ogula anali Amaxhosa ndi Asotho otuluka pashifiti. Iwo za duku lakuda la mkazi wa ku Malawi analibe nazo ntchito. Ankafuna gwinya lotentha. Amayi ankabwera madzulo miyendo ili mbuu ndi fumbi, milomo itang'ambika ndi mphepo, beseni lopanda kanthu. Anaphunzira moni wawo. Chikwama chathu chinali chomangamanga pansi pa bedi, poti foni ija inali itaimbidwa ndipo tinkadikira. Ine ndikamva minibasi yaima pafupi ndinkathawira kwa amalume.

Yankho linabwera mphepo itayamba kufooka. Mkulu wa mpingo anabwera yekha, wopanda amayi aja. Sanakhale pansi. Anati walankhula ndi mkulu wawo wa abambo, wamufotokozera zonse, za filimu, za chikhakhali, za thabwa lakutsogolo. Munthuyo anangoti, "Musiyeni mkaziyo. Aseke mmene angafunire. Mwana aphunzire komweko." Mkulu wa mpingo ankaoneka wosokonezeka. Anafunsa amayi ngati pali china chimene iye sakudziwa. Amayi anamufunsa ngati amwe tiyi. Anakana, n'kumapita akutsokomola.

Tinakhala. Chikwama chinamasulidwa. Ogula akwathu anabwerera pang'onopang'ono, koma amayi Wonderkop sanaisiye. Ankati amene anakudyetsa anzako atakutaya sumusiya. Anadzasudzulidwa chaka chinacho. Chimbale chija chinaonetsedwa mpaka chinakalika, mtembo n'kumaima pamalo amodzi wapolisi akulankhulabe.

China chija ndinadzachimva ndili ndi ndevu. Amayi anamwalira kuno, ndipo ine ndi amalume tinawanyamula kupita nawo ku Ntcheu, m'bokosi, ndi mapepala onse. Titadutsa malire oyamba, mkati mwa Zimbabwe, galimoto inaima pamalo ena ouma kuti anthu atambasule miyendo. Amalume anandikokera pambali, n'kunena kuti ndi cha kuno. Abambo sanafike kwawo ali moyo. Anatsirizikira pamsewu umenewu, pampando wa minibasi, kutatsala malire awiri. Amayi akanati anene, mtembo ukanatsitsidwa m'dziko la eni, ndipo amayi analibe mphamvu youtulutsa. Abambo akanagona pakati pa alendo. Dalaivala ananong'oneza amayi chochita, n'kuwalumbiritsa kuti asadzauze munthu, poti iye akanamangidwa ndipo njira imeneyo ndiyo inkamudyetsa. Okwera anzawo anayang'ana kumawindo. Amayi anatsitsira abambo chipewa mpaka pamphuno, anawafunditsa bulangete, n'kugoneka mutu wawo paphewa.

Anakhala choncho Zimbabwe yotsalayo, Tete yense, mpaka kwathu. Pamalire dalaivala ankatenga mapasipoti n'kunena kuti wodwala wagona. Madala uja ankanena zoona, wakufa amauma. Phewa la amayi linatupa masiku ambiri. Pamalire omaliza msilikali wina anasuzumira pawindo, anayang'ana abambo, n'kuuza amayi kuti awasamale bwino bambowa, achire msanga. Amayi anati zikomo. Anadzauza amalume kuti pamenepo kuseka kunawakwera kukhosi, ndipo anakumeza, chifukwa kukanatuluka zonse zikanathera pompo. Abale a abambo ankadziwa, poti ndiwo anawatsitsa m'minibasi. Amalume ankadziwa. Akanaionera filimu ija asanaionetse, sikanalowa mu mkhukhu wawo.

Dalaivala wathu analiza hutala. Tinakwera.

Chipewa chili kwa ine. Sindichivala. Ndikachiona ndimabwerera pathabwa lakutsogolo lija, Lamlungu lachiwiri. Wapolisi atasuzumira m'galimoto, amayi anatambasula dzanja n'kunditsitsira chipewa mpaka pamphuno. Ndinachikweza. Anachitsitsanso, n'kukokera mutu wanga paphewa pawo, n'kuugwira pamenepo mwamphamvu. Ubweya unkandiyabwa, fungo la abambo linadzaza m'mphuno, phewa la amayi linkagwedezeka pansi pa tsaya langa. Ndinakwiya. Ndinkaona ngati akundiphonyetsa dala malo okoma a filimu, ndipo ndinawauza kuti andisiye, sindikuona.